Mmene a Jailos Anawotchera Limbe Ali ku Evington

A Jailos amatsika basi ya ku Evington, mumzinda wa Leicester ku England, tulo tili m'maso. Shifiti yawo ya kuweyahausi, kumene amanyamula makatoni a katundu, imayamba kusanache, ndipo pofika masana msana umakhala utauma gwa ngati thabwa. Anthu a ku Braunstone, dera limene amakhala, amene amawaona akudutsa ndi jekete yachikasu ija, mutu uli pansi, amawayesa munthu wosakonda kuyankhula. Kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo. Pamaliro ndi iwo onyamula mipando. Ndi ochepa amene akudziwa kuti bambo amenewa ankadyera pakamwa, ndi kuti kale ku Bangwe anthu ankasiya ndiwo pamoto kuthamangira mawu awo.

Kuseri kwa msika wa Bangwe kunali kanyumba kamalata koonetseramo mafilimu. Munali mabenchi, nsalu yakuda pakhomo, TV pamwamba pa kabati, ndi jenereta yolira panja. Mafilimu ake anali achizungu, achitchaina ndi achimwenye, ndipo mwa onse olowamo panalibe womva zilankhulo zimenezo. A Jailos nawonso sankamva zambiri, sukulu anaisiyira panjira. Koma ankakhala pambali pa TV ndi maiki m'manja n'kumauza anthu zimene zikuchitika. Mawu sankawamasulira ayi. Ankangoyang'ana nkhope ndi manja a anthu a mufilimumo, zotsalazo pakamwa pankadzipezera pokha. Mzungu wandevu ankasanduka Che Ndevu, mkazi wolira ankasanduka Nachisale wothawidwa ndi mwamuna. Anthu ankafuna adziwe msanga kuti ekita ndani ndipo mdani ndani, ndiponso sankafuna kuti pamaiki pakhale zii ngakhale pang'ono. Chimene a Jailos anazindikira okha, chimene chinawadzazira mabenchi kuposa anzawo a ku Ndirande, chinali chakuti munthu samva chisoni ndi tauni imene sanapondemo. Choncho tauni iliyonse ya mufilimu inkakhala Limbe. Galimoto zikathamangitsana, zinkathamangitsana kuchokera pa Chichiri. Nyumba ikapsa, inkapsa pafupi ndi siteshoni, ndipo anthu ankagwira pakamwa ngati muli abale awo.

Mafoni atayamba kuchuluka, mabenchi anayamba kukhala opanda anthu. Msuweni wawo anawaitanira kuno, ndipo zaka zodikira mapepala zinawaphunzitsa kukhala chete. Akazi awo, a Maud, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ana awo awiri anabadwira konkuno. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo mafilimu amaonera pafoni, zomvera zili m'makutu. Tsiku lina a Jailos anayesa kumasulira filimu pabalaza. Mwana wamkazi anawapempha mwaulemu kuti asiye chifukwa akusokoneza. Sanayesenso.

A Suleman anakumana nawo m'sitolo ina ya ku Evington kumene a Jailos amagula ufa ndi usipa wouma. Mwini sitolo ndi mayi Humera, ndipo bambo awo, a Sulemanwo, nkhalamba yoonda ya kapu yoyera, ankakhala pampando pafupi ndi hita yothamangitsira kuzizira. A Jailos anali pafoni akukambirana ndi mbale wawo za malata a nyumba. Atadula, nkhalamba ija inatembenuzira khutu kumene kunachokera mawu.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Bangwe, madala."

"Mbava zonse zimene zinkandibera m'sitolo zinkachokera ku Bangwe."

"Zinkangobweza zimene sikelo yanu inkaba," anatero a Jailos, asanaganize n'komwe.

Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola. Mayi Humera anasiya kasitomala ali chiimire n'kubwera kudzaona, chifukwa bambo awowo anali asanaseke kuyambira pamene anadwala sitiroko. Anafotokoza m'Chichewa chawo cha kukhitchini, chosakaniza ndi Chingerezi, kuti a Suleman anabadwira ku Malawi, anali ndi sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo anabwera kuno iwo a Humera ali wakhanda. Matendawo anawalanda Chingerezi chonse. Chimwenye chinatsala zidutswa. Chimene chinatsala chathunthu ndi Chichewa cha pakhonde la sitolo, chimene m'nyumbamo munalibe wochiyankhula bwinobwino. Maso nawo ankangoona kuwala ndi mithunzi, ndipo mutu nthawi zina unkabwerera ku Limbe osatsanzika.

Ndi mmene zinayambira kuti Lachitatu lililonse, akaweruka, a Jailos azipita kukakhala ndi a Suleman kunyumba, mayi Humera ali kusitolo. Za mafilimu zinangobwera zokha. TV inali yoyatsa, nkhalamba inafunsa kuti akuti chiyani anthu amenewo, ndipo mawu aja amene anagona zaka zonsezi anadzuka. A Jailos anatenga rimoti n'kuigwira pafupi ndi pakamwa ngati maiki. Che Ndevu anabweranso. A Suleman ankatsutsa, ankatukwana adani, ankalangiza ekita kuti asakhulupirire mkazi wovala zofiira. Sabata yonse a Jailos ankanyamula makatoni akudikira masana amenewo, ngakhale kuti akanafunsidwa akanati amangothandiza nkhalamba.

Mayi Humera anawachenjeza chinthu chimodzi. Mchimwene wawo ankafuna kuti bambowo apite kunyumba ya okalamba, ndipo ankangodikira chifukwa. Adokotala anati asamadzidzimutsidwe. Ndiye aseke, atukwane, zonsezo zili bwino, koma tsiku limene adzasokonezeke mutu chifukwa cha mafilimu, za Lachitatu zidzathera pomwepo.

Lachitatu limene zinalakwika kunali kamvula kaja kosatha. Kusitolo kunkabwera katundu, choncho mayi Humera anasankha filimu yaitali kuposa onse kuti asavutike kubwera msanga. Anati ndi nkhani yoona, ya katswiri wa sayansi amene anatsogolera anzake kupanga bomba la atomu pa nthawi ya nkhondo yaikulu, ndipo anthu onse akuitama. Anaika tiyi patebulo n'kutuluka.

A Jailos anali asanakumanepo ndi filimu youma chonchi. Amuna a masuti ankalowa m'chipinda, kuyankhula, kutuluka, kulowa m'chipinda china, kuyankhulanso. Ena ankalemba masamu pabolodi. Panalibe wothamangitsa mnzake. Wamkulu wawoyo anamutcha a Chipewa, ndipo a Suleman atafunsa ngati ameneyo ndiye ekita, anavomera. Atafunsa za mdani, anayankha kuti sanafike. Patapita nthawi anafunsanso, ndipo mdani anali asanafikebe.

Nkhalamba inafuna kudziwa chimene akupanga. A Jailos anayesetsa. Anati pali kanthu kakang'ono kuposa fumbi la ufa, kosaoneka ndi maso, ndipo anthu awa apeza njira yokaswera, ndipo kakasweka kamaswa anzake, anzakewo n'kuswanso ena, mpaka moto wake kukwana tauni yonse. A Suleman anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za malonda okayikitsa. Anafunsa kuti katundu wopangira amakaoda kuti. A Jailos anati ndi miyala yokumba pansi, koma filimu sinaonetse kumene amakumba. Nanga okumbawo ndani? Sanaonetse. Nanga wotsitsa katundu pa lole, wowaphikira anthu onsewa, wowachapira masuti?

"Akungoonetsa mabwana, madala."

"Filimu yopanda onyamula katundu," anatero a Suleman. "Sitolo yotero sinatsegulidwepo."

Mvula inkagwabe pawindo. Hita inatenthetsa chipinda, ndipo a Jailos, amene anadzuka anthu onse ali mtulo, anayamba kusinza. Pakamwa pankayenda pokha. A Chipewa akudandaula, a Chipewa akukangana ndi msilikali, a Chipewa akuyang'ana kutali. Anadzidzimuka pamene chipinda chonse chinawala mbee. Mufilimumo anali atayesa bomba lija m'chipululu. A Suleman anawagwira dzanja mwamphamvu. Kwa nthawi yoyamba nkhalamba inaona ndi maso ake chinthu chochokera pa TV ija.

Tulo tonse tinathawa. A Jailos anakhala tsonga, rimoti pakamwa, n'kufotokoza moto wokwera kumwamba ngati bowa, mphepo yogwetsa anthu, mchenga wosungunuka. Kenako nkhani inathamanga. Bomba linanyamulidwa, uthenga unabwera kuti laponyedwa, ndipo anthu amene analipanga anayamba kuomba m'manja.

"Lagwera ndani?" anafunsa a Suleman.

A Jailos anayang'ana pa TV. Panali nkhope za opanga okhaokha. Anadikira kuti mwina aonetsa, koma sanaonetse. Pamaiki panali zii, ndipo munthu wa pabenchi anali atafunsa funso. Sanaganize. Pakamwa panachita zimene panazolowera ku Bangwe.

Anati kunali m'mawa, ku Limbe, dzuwa litangotuluka kuseri kwa phiri. Azimayi a tomato anali akuyala masaka pansi kunja kwa msika. Sitima inali itaima pasiteshoni. Pakhonde la sitolo ya nsalu telala anali akuthira mafuta makina ake, ndipo mwini sitolo anali akuchotsa matabwa a pawindo limodzilimodzi. Pamwamba pa sitolo wina ankayanika matewera. Ndege inali imodzi yokha, yaing'ono ngati ntchentche, moti ana a sukulu anaikweza manja. Ndiye kuwala kuja. Anafotokoza malata akupindika ngati mapepala, mipukutu ya nsalu ikuyaka m'mashelefu, anthu akuthamangira kumtsinje khungu likulendewera, telala uja atatsala chithunzithunzi chokha pakhoma. Mawu ankabwera okha, osalala, ngati zaka zonse za makatoni sizinakhaleko. Anali asanamasulirepo bwino chonchi chifikireni ku England. Ndipo nthawi yonseyo sanayang'ane kumbali.

Atatembenuka, pampando panalibe munthu. A Suleman anali ataimirira pakati pa chipinda, akupapasa pansi ndi phazi kufuna nsapato. Ankaitana Zaibunisa. Limeneli linali dzina la akazi awo, amene anamwalira kalekale ndipo anaikidwa konkuno ku Leicester. A Jailos anazimitsa TV, anawagwira paphewa, anati madala ndi filimu chabe, koma nkhalamba inawakankha ndi mphamvu zimene sankazidziwa. Inkati Zaibunisa ali pamwamba pa sitolo ndi mwana, masitepe ndi amatabwa, wina apite akatenge mwanayo.

Mayi Humera analowa nthawi yomweyo, ambulera ikudontha m'manja. Bambo awo anawagwira malaya n'kuwapempha, ngati akupempha mlendo wa mumsewu, kuti athamange akapulumutse Humera, ndi wakhanda, sangatsike yekha.

Zinatenga nthawi kuti awakhazike pansi. Atawapatsa mankhwala, mayi Humera anaitanira a Jailos kukhitchini n'kutseka chitseko. Sanakweze mawu.

"Mwawauza chiyani?"

A Jailos anafotokoza, maso ali pa matailosi.

"Filimu imeneyi ndinaiona ine. Mulibe Limbe."

"Mulibe, mayi. Koma mulibenso kumene linagwera. Anafunsa, ndiye ine..."

"Ndiye inu mwawawotchera mkazi ndi mwana. Mwawakonfyuza, a Jailos. Ndinakuuzani." Anawapatsira jekete yawo yachikasu ija. "Lachitatu musabwere."

Kunyumba a Maud anamvetsera nkhani yonse akuvula nsapato za kuntchito, mapazi atatupa. A Jailos anayesa kuikankhira kwa wopanga filimu. Anati munthu angajambule bwanji masana onse anthu opanga chinthu, mpaka mabatani a malaya awo, osaonetsa ngakhale mmodzi amene chinamugwera? Malo amenewo anasiyidwa opanda kanthu, ndipo malo opanda kanthu womasulira amadzaza. A Maud anati akanangonena zomwezo, kuti sakuonetsa, basi. Anati kuntchito kwawo chinthu choyamba chimene amaphunzitsidwa ndi chakuti munthu wotere sumuuza kuti kwawo kwapsa, ngakhale mwanthabwala. Kenako anafunsa ngati anakumbukira kugula usipa. Anali ataiwala.

Lachitatu lotsatira a Jailos anaweruka n'kukwera basi ya ku Braunstone. Anafika m'nyumba muli zii. Anakhala pasofa osavula jekete, akuyang'ana TV yozimitsa, mpaka ana anabwera kuchokera kusukulu n'kuwadutsa kupita kuchipinda. Kuweyahausi sabata imeneyo makatoni ankalemera kuposa kale. Pa nthawi yopuma ankapezeka akusuntha milomo okha, akupatsa mayina anthu odutsa, kenako n'kudziletsa.

Foni inalira Lolemba masana. Mayi Humera anamveka ngati munthu amene sakugona. Anati bambo awo sakudya. Akangomwa madzi pang'ono amafunsa ngati mitembo yapezeka. Iwo awauza kambirimbiri kuti Limbe ilipo, kuti amayi anamwalira ndi shuga m'chipatala cha konkuno, kuti Humera ndi iwowo, mayi wa imvi amene akuwapatsa phala. Nkhalamba imangoti inu simunaliko. Anayesa kuwaonetsa zithunzi za Limbe pafoni, koma maso aja aona chiyani. Mchimwene wawo wapeza kale malo kunyumba ya okalamba ku Beaumont Leys, ndipo akuti ngati sadya pofika kumapeto kwa sabata, basi. Ndiye a Jailos abwere kamodzi kokha, adzanene kuti ananama.

Anapita Lachitatu. A Suleman anali pampando womwe uja, atachepa, bulangeti lili m'miyendo. A Jailos anagwada pafupi.

"Madala, ndine Jailos. Zija ndinanena zija ndinanama. Limbe sinapse."

"Akutuma kuti ndidye."

"Ayi, madala."

"Ndinamva mukanema. Ndinaona ndi moto womwe. Iwe mbava ya ku Bangwe ukufuna undiuze chiyani?"

A Jailos anazidziwa zimenezi kuyambira kale. Ku Bangwe munthu akakumana nawo pamsewu n'kufunsa ngati ekita anafadi, zimene ankayankha pamsewupo sizinkawerengedwa. Munthuyo ankalowanso mawa lake kuti akamve pamaiki. Chonenedwa mufilimu chimakonzedwa mufilimu momwemo. Anadzuka n'kuuza mayi Humera kuti ayatsenso filimu ija.

Mayi Humera anakana. Anati imeneyo ndiye yawapha kale theka. A Jailos anangoima chogwira jekete m'manja. Mayiwo anayang'ana mbale ya phala imene inazizira patebulo, anayang'ana bambo awo, kenako anaimbira foni mtsikana wa kusitolo kuti atseke yekha. Anakhala pasofa n'kutenga rimoti. Anati rimoti ikhala ndi iwo, ndipo a Jailos akangowonjezera chimene palibe pa TV, azimitsa, ndipo akhala mapeto.

Opanda chogwira, a Jailos sanadziwe poika manja. Anawapinda pamiyendo. Mayi Humera anafuna kuthamangitsa filimuyo kuti ifike msanga pamalopo, koma a Suleman atamva mawu akudumphadumpha anati iwo sanalowe kudzaonera zidutswa. Choncho anayambira pachiyambi. Amuna a masuti analowanso m'zipinda zawo. A Jailos ankanena zimene akuona basi. Uyu walowa. Uyu akulemba pabolodi. Uyu wakwiya koma sindikumva chifukwa chake. Apo ndi apo mayi Humera ankawanong'oneza zimene zanenedwa m'Chingerezi, ndipo iwo ankazipereka mmene zilili, zopanda mchere. Anazindikira kuti zina zimene ananena sabata ija zinali zosiyana kutali ndi nkhani yeniyeni. Msilikali amene anamuyesa mdani anali mnzawo wa a Chipewa. Masamu aja sanali a ndalama. Zinali zotopetsa kuposa makatoni.

Kuwala kuja kutabweranso, a Suleman anagwira mikono ya mpando koma sanadzuke. A Jailos anati uku n'kuyesa chabe, m'chipululu. Kenako uthenga uja, kenako manja aja.

"Lagwera ndani?"

"Sakuonetsa, madala. Akuonetsa amene analipanga, akuomba m'manja."

"Sindinafunse za manja."

"Lagwera tauni ya ku Japan. Hiroshima. Patapita masiku, linanso pa tauni ina ya komweko. Si Limbe."

"N'kutali?"

"Kutali kwambiri. Kuwoloka nyanja zikuluzikulu."

Pa TV anthu ankakumbatirana. A Jailos analola kuti pakhale zii.

"Kumeneko kunali msika?"

Chala cha mayi Humera chinali pa batani. A Jailos anachiona.

"Unalipo."

"Masitolo?"

"Analipo."

"Pamwamba pake pankagona anthu?"

"Filimu sikunena, madala. Ine sindinafikeko." Anayang'ananso chala chija. "Koma ndikuganiza kuti ankagona."

Chala chija sichinadine. A Suleman anapukuta pakamwa ndi nsonga ya bulangeti, pang'onopang'ono.

"Ndiye sunaname zambiri, iwe. Unangolakwitsa adiresi." Analoza ndi chibwano kumene kunali kuwala kwa TV. "Wakuba ndi wopanga filimuyu. Watipatsa thumba losadzaza, wasoka pakamwa bwinobwino kuti tisaone."

Filimu inapitirira ndi amuna ena a masuti akufunsa a Chipewa mafunso m'chipinda china. A Suleman sanafunenso kudziwa. Anatembenukira kusofa.

"Humera, tiyi uja ali kuti? Ndi buledi. Osati phala, phala ndi la odwala."

Mayi Humera anadzuka msanga moti rimoti inagwa pansi. Kukhitchini madzi anatseguka kwa nthawi yaitali kuposa yodzazira ketulo.

A Jailos anaonerera nkhalamba ikunyika buledi mu tiyi, kagawo koyamba, kachiwiri. Njala inabwera msanga moto utangosamukira kwa eni ake. Iwonso anamva kupepuka m'chifuwa, ndipo sanakukonde kupepuka kumeneko, koma analibe mphamvu zokulondola kuti kukuchokera kuti. Maso ankangofuna kutseka. Mawa kunali shifiti.

Pakhomo mayi Humera anawagwirira jekete kuti alowetse mikono. Anati auza mchimwene wawo kuti adikire kaye. Anati Lachitatu abwere. Koma mafilimu azisankha iwo, ndipo akhala a nyama ndi nsomba basi, opanda mfuti, opanda moto. Ndipo m'nyumba muno asadzatchulenso Limbe pa filimu, kapena Zomba, kapena malo aliwonse a kumudzi. A Jailos anavomera zonse. Pabasi anagona mpaka kupitirira siteji yawo, n'kubwerera wapansi m'kamvula.

Mpaka pano amapitabe. Lachitatu lapitali inali filimu ya njovu. Zinkayenda mumzere kupita kumadzi, fumbi lili koboo, kamwana kakutsalira m'mbuyo. A Jailos anali ndi rimoti pakamwa. Njovu yaikulu anaitcha Anaphiri, ndipo zimenezo mayi Humera amalola. A Suleman anamvetsera, mutu utapendekeka, kenako anafunsa ngati kumeneko ndi ku Liwonde, chifukwa iwo anadutsako ndi lole ya katundu chaka china, njovu zitatseka msewu.

Mtsinje wake unalidi ngati Shire. Panali ndi migwalangwa yomwe. A Jailos anamva nkhani yonse ikubwera pakamwa, lole, dalaivala wamantha, mipukutu ya nsalu kumbuyo.

"Sakunena, madala," anatero. "N'kutali basi."

Nkhalamba inati ehe, ndipo posakhalitsa inayamba kuwodzera. A Jailos anatsitsa mawu koma sanasiye. Anapitiriza kunena za njovuzo, imodzi ndi imodzi, mpaka zonse zinawoloka.